Munda umodzi dothi mitundu iwiri kwa Khombedza, ndiyambire pati?

Bambo_a_Mphatso

Moni alimi anzanga, makamaka inu a ku Salima kuno ndi ku Nkhotakota amene mumalidziwa dothi la m'mbali mwa nyanja. Amalume anandipatsa munda wa maekala awiri mbali ya kwa Khombedza, kulowa mkati pang'ono kuchoka pa msewu wa M5, ndiye chaka chathachi ndinadzala chimanga munda wonse. Vuto ndi loti mundawu uli ndi dothi losiyana. Kumtunda ndi mchenga woyererako, khasu limangolowa lokha, koma ukamatsika dothi limayamba kuda mpaka kumunsi kwenikweni ndi lakuda bii, lomata, mvula ikagwa kuyenda kumavuta ndipo pano m'chilimwe lang'ambika ming'alu yoti dzanja kulowamo lonse.

Feteleza ndinathira mofanana paliponse, NPK wokulitsa kenako yureya. Kumtunda chimanga chinamera bwinobwino koma itangogwa mvula yamphamvu ya mu Januwale chinayamba chikasu, kufupika, kenako kaufiti anadzaza. Kumunsi madzi anaima kwa nthawi, chimanga chinachitanso chikasu china kuola mizu. Chomwe ndinakolola chenicheni chinachokera pakati pomwe madothi awiriwa akumana, komanso pansi pa mtengo wa nsangu umene uli chakumtunda, pamenepo pokha chimanga chinali chobiriwira ngakhale kuti ndi pamchenga pomwepo.

Mnzanga wina wa ku Lilongwe akuti ndigule laimu ndimwaze munda wonse nthaka idzuke. Ndisanataye ndalama ndati ndifunse kaye, kodi laimuyo ndi woyenera kuno? Nanga ndipitirize chimanga paliponse kapena ndigawe? Komanso ndikufuna kutsegula kadimba ka tomato ndi masamba, chitsime chilipo chakumunsi koma madzi ake ali ndi kamchere pang'ono ukalawa. Thandizeni chonde, nkhaniyi ikundisowetsa tulo chifukwa feteleza masiku ano si wongotaya.

aChisale_Thavite

Bambo a Mphatso, mwafunsa bwino musanagule. Laimuyo muyambe mwamuiwala kaye. Anzathu a ku Lilongwe ndi ku Dedza amalima pa katondo wofiira uja ndipo kumeneko nthaka ina imakhaladi yowawasa, koma kuno ku chigwa dothi lambiri linabwera ndi madzi kuchokera kumapiri, ndipo lakudalo nthawi zambiri laimu ali nalo kale. Mukakumba mozama pa makande anuwo mwina mupeza timiyala toyera tofumbutuka, ameneyo ndi laimu wachilengedwe. Kuwonjezerapo wina ndi kungowononga ndalama, mwinanso kuipitsa zinthu.

Inu muli ndi minda iwiri, osati umodzi, ndipo muyenera kuisamala mosiyana.

Tiyambe ndi kumunsi. Dothi lakuda long'ambikalo ndi makande, ndipo chonde lili nacho, vuto lake ndi madzi basi. Likanyowa limafufuma, ming'alu ija imatsekeka, madzi salowanso pansi, ndiye mizu ya chimanga imasowa mpweya. Chimanga chimene chaima m'madzi chimachita chikasu olo mutathira matumba angati, feteleza sangadyedwe ndi mizu yomwe ikubanika. Ngati madzi amaimadi pamenepo chaka chilichonse musalimbane nawo, dzalani mpunga. Pitani mukaone ku Lifuwu, komwe kuli malo a kafukufuku wa mpunga aja, dothi lake ndi lomweli ndipo mpunga umachita bwino. Faya kapena Kilombero, mukonze timigula tosunga madzi m'mabedi, mwathana nazo. Pomwe madzi saima kwambiri koma ndi makandebe, thonje ndi mapira zimapirira kuposa chimanga, ife takula tikulima thonje pa dothi ngati limeneli. Mukakakamira chimanga pamenepo ndiye mizere ikhale ikuluikulu yaitali ndipo mukumbe ngalande yotulutsa madzi, musatseke mizere ayi.

Chinthu china cha makande, ali ndi nthawi yake yolima. Likauma kwambiri khasu limadumpha, likanyowa kwambiri mumangoumba zibuma zomwe zikauma sizisweka. Mulime mukangokolola dothi likadali ndi kachinyezi, kapena mvula yoyamba ikangolifewetsa pamwamba.

Kumtunda nkhani yake ndi yotembenuza. Mchenga susunga madzi, susunganso chakudya. Yureya mukathira yense kamodzi kenako kugwe mvula ya usiku wonse ngati imagwa kuno mu Januwale ija, amatsika pansi kupitirira mizu, chimanga n'kutsala ndi njala. Ndiye yemweyo amene munagulayo mugaweni pawiri, theka pakatha masabata atatu chimanga chitamera, theka linalo chikafika m'chiuno chisanamasule, ndipo muzibowola kadzenje n'kukwirira, osangomwaza pamwamba ndi dzuwa la ku Salima lino. Kaufiti amene mwamuonayo akukuuzani kuti nthaka yatopa, amakonda pomwe pakhala pakulimidwa chimanga chokhachokha popanda manyowa. Muzimuzula asanachite maluwa chifukwa njere zake zimakhala m'dothi zaka zambiri.

Ine ndikanakhala inu, chaka chino kumchengako ndikanadzala mtedza, mitundu yocha msanga ngati Kakoma kapena Baka poti mvula yathu imatha msanga, n'kuponyamo nandolo m'mizere yomweyo. Mtedza umakonda dothi lofewa, kukumba kwake sikuvuta, ndipo masangwe ake ndi masamba a nandolo mukawasiya m'munda chimanga cha chaka chamawa chimapeza poyambira. Chimanga chaka chino chikhale pakati pomwe mwaona kale kuti chimachita bwino.

Nsangu umenewo musaudule, ndipo aliyense wofuna nkhuni muuzeni asayerekeze. Mtengo umenewu umayoyola masamba nthawi ya dzinja pomwe mitengo ina yonse ikuphuka, ndiye suphimba mbewu ndi mthunzi, masamba aja amaolera pomwepo, m'chilimwe mbuzi ndi ng'ombe zimabwera kudzadya nyemba zake n'kusiya ndowe. N'chifukwa chake chimanga chinabiriwira pamenepo. Muziyang'ana timitengo take tomera tokha m'munda, tili ndi minga, ana aganyu amakonda kutisadza popalira. Ikani chikhomo pambali kuti tisungike.

NaBanda_wa_dimba

Achimwene ine ndiyankhepo za dimba zokha poti ndi zomwe ndimadyera, ndimalima m'mbali mwa Linthipe. Madzi a kamcherewo musawatenge mopepuka. Chaka choyamba simuona kanthu, mbewu zimakula bwino, koma ndi kutentha kwa mu Okutobala madzi amauma msanga mchere n'kutsala pamwamba, mudzayamba kuona tinthu toyera pamwamba pa bedi makamaka m'mphepete, masamba a mbewu kupsa m'mbali ngati awauka, mbewu zina osamera n'komwe. Nyemba ndi anyezi ndi zomwe zimayamba kugonja, tomato amapirirako pang'ono, mpiru ndi repu nazonso zimayesetsa.

Ndiye ngati palibe madzi ena, thirirani kwambiri kamodzi madzi alowe pansi atsitse mcherewo, kusiyana ndi kumangowaza pang'onopang'ono m'mawa ndi madzulo. Phimbirani mabedi ndi udzu kapena mankhusu a mpunga, kuno sasowa ku zigayo, kuti dzuwa lisamakoke madzi. Ngati mukuthirira m'ngalande mbande muzibzala m'mbali mwa mzere osati pamwamba penipeni chifukwa mchere umakwera kukaunjikana pamsonga. Koma vuto ndi loti zonsezi zimatheka pomwe madzi amatha kulowa pansi. Pa makande enieni mchere sutsika, umangokhala pomwepo, ndiye dimba lanulo musaliike kumunsi kwenikweni ngakhale kuti ndi kufupi ndi chitsime. Likwezeni pa dothi la pakati lija, bola kuvutika kunyamula madzi kapena kugula kapaipi.

Musapitenso nalo pamchenga weniweni. Tomato pamchenga amagwidwa ndi tianyongolotsi tosaoneka ndi maso tija, mumangoona mtengo ukufota masana pomwe mwathirira, mukauzula mizu yake ili ndi timatuza totupa mzere wonse. Zikalowa zimenezo sizituluka msanga, ndiye musabwereze tomato, mabiringanya kapena therere pa bedi lomwelo, muzisinthanitsa ndi chimanga chachiwisi. Komanso tomato akamada kumunsi kwake n'kuola, anthu amathamangira mankhwala opopera koma nthawi zambiri ndi kathiriridwe, lero madzi ambiri mawa bedi gwaa.

Manyowa a khola la mbuzi akhale owola bwino, osati aawisi, aawisi amaotcha mbande komanso amaitana chiswe. Ndipo phulusa musachulutse pa dimba ngati madzi anu ali kale ndi mchere.

Jafali_KK

A Chisale mwalankhula zomveka koma pa nkhani ya laimu ndikufuna ndiwonjezere kuti anthu ena owerenga pano asatenge ngati m'mbali mwa nyanja monse ndi chimodzimodzi. Kwathu ku Nkhotakota mvula imagwa yambiri kuposa ku Salima ndipo mchenga wathu ndi wotsukika kwambiri, malo ambiri nthaka ndi yowawasa ndithu. Nde kumchenga kwa achimwenewa sitinganene motsimikiza popanda kuyeza, za makande zokhazo ndikugwirizana nanu.

Chomwe ndikudabwa palibe amene watchula chinangwa. Makolo athu ku Linga kuno sanali opusa kudalira kondowole, anaona kuti pamchenga chimanga chimafuna kuchinyengerera chaka ndi chaka pomwe chinangwa chimabereka olo mvula idule. Dulaniko gawo la kumtunda kwenikweni komwe kuli kowuma mudzale chinangwa, Manyokola ngati mukufuna chogulitsa chachiwisi pa Kamuzu Road kapena Sauti ngati n'cha ufa. Mizere ikhale yaikulu, mbewu mutenge m'munda womwe masamba ake sanapinimbire kapena kuchita mawanga achikasu, ndipo musadzale pomwe pamaima madzi chifukwa chimaola. Kungoti chinangwa nacho chimadya nthaka, anthu amaganiza kuti poti chimabereka pa dothi losauka ndiye sichitenga kanthu, chimatenga, mukakumba musabwerezenso pomwepo, ikanipo khobwe kapena mtedza.

Za mpunga ndi zoona, ku sikimu ya Bua ndi m'madambo a ku Chia anthu akudyera dothi lomweli. Koma musanakonze mabedi funsani achikulire a pamudzipo kuti madzi amafika pati chaka cha mvula yambiri. Mu 2024 tinaona mtsinje wa Dwangwa utasefukira komanso nyanja itakwera kulowa m'minda ndi m'nyumba za anthu, malo ena omwe anthu ankati ndi otetezeka anamira. Pomwe padutsa madzi osefukira pena amasiya dothi labwino lachonde, pena amasiya mchenga wokhawokha pamwamba pa dothi labwino, nde mutha kupeza kuti mchenga wanu wakumtundawo ndi wapamwamba chabe pansi pali zina. Kumbani muone.

Bambo_a_Mphatso

Zikomo kwambiri a Chisale, mayi NaBanda ndi achimwene a Jafali, mwanditsegula maso. Za mpunga kumunsi amalume ananenapo kuti kale agogo ankadzala pamenepo, ndiye zikugwirizana. Dimba ndilikweza monga mwanenera mayi. Tsono funso latsala ndi la kuyezako, kodi pali njira yoti ndidziwire ndekha kumudzi konkuno kapena mpaka ndipite ku Lilongwe? Komanso manyowa ndilibe ambiri, mbuzi zilipo zochepa chabe, anthu akundiuza za manyowa a Mbeya, kodi ameneyu angathandize pamchengapo? Ndipo mapesi a chaka chatha anyamata akufuna kuotcha kuti asake mbewa, ndawaletsa kaye.

Tiya_wa_ku_Chipoka

Bambo a Mphatso mwachita bwino kuwaletsa, mapesi amenewo ndi omwe mchenga wanu ukusowa. Mukaotcha mumatsala ndi kaphulusa kochepa komwe mphepo ya mwera imakauluza, pomwe mukawagoneka m'munda amaphimba nthaka ku dzuwa, amasunga chinyezi, kenako amaola. Ena amaopa chiswe, koma ine ndaona kuti chikapeza mapesi ouma pansi chimatanganidwa nawo, chimavuta kwambiri m'munda wopanda chinyalala chilichonse.

Kuyeza kwina mutha kuchita nokha mawa lomwe. Kumbani dzenje lofika m'bondo kapena kupitirirako pang'ono m'magawo atatu onse, kumtunda, pakati ndi kumunsi, n'kuyang'ana m'mbali mwake. Muone pomwe mtundu wa dothi ukusintha, ndiponso ngati pali chikhakha, kagawo kolimba kamene kamakhala pansi pomwe khasu limalekezera chaka ndi chaka. Mukazula nandolo kapena thonje n'kupeza muzu waukulu wapindika kuloza cham'mbali, chikhakha chilipo ndipo chiyenera kuswedwa. Dothi la pansi likakhala lotuwa ndi mawanga ofiira ngati dzimbiri, dziwani kuti pamenepo madzi amakhalitsa m'dzinja olo pano paoneke pouma. Mukatha thirani ndowa za madzi m'dzenjemo, likamwa madzi nthawi yomweyo ndi mchenga mpaka pansi, mukawapeza mawa lake akadalimo ndiye pamenepo ndi pa mpunga.

Kenako tengani dothi lodzaza dzanja, nyowetsani, yesani kulipota pakati pa zikhatho. Likakana kugwirana ndi mchenga, likapotoka koma n'kuduka mukalipinda ndi dothi lapakatikati lomwe mbewu zambiri zimakonda, likapindika mpaka kukumana osaduka ndi dongo lambiri. Za laimu, tengani viniga wa m'sitolo mudonthezere pa dothi louma la kumunsi, likachita thovu ndiye kuti laimu alimo kale wokwanira. Koma likapanda kuchita thovu sizitanthauza kuti ndi lowawasa ayi, apa ndi pomwe a Jafali akunena zoona, pamafunika labotale kuti akuuzeni pH yeniyeni, womwe ndi muyeso wa kuwawasa kwa dothi. Chimanga ndi ndiwo zamasamba zambiri zimakonda pH ya pakati pa 5.5 ndi 7. Ikatsika kwambiri ndi pomwe laimu amathandiza, ikakwera kupitirira 7 zinki, chimodzi mwa zakudya za mbewu, amayamba kuvuta kuti mbewu zimupeze.

Ku Chitedze ku Lilongwe kuli labotale yoyeza dothi, ndipo alangizi a ku EPA, ofesi ya zaulimi ya kwanuko, angakuuzeni katumizidwe kake, muthanso kukafunsa ku malo a kafukufuku a ku Chitala poti simuli kutali. Potenga dothi lokayezetsa musasakanize la kumtunda ndi la kumunsi, gawo lililonse jumbo yakeyake yolembedwa. M'gawo limodzi mutape malo angapo moyenda mokhotakhota, kuya masentimita 20, musakanize mu ndowa yoyera n'kutengapo theka la kilo, muliumitse pamthunzi. Musatape pa chulu, pansi pa nsangu paja kapena pomwe panaotchedwa zinyalala, zotsatira zidzakunamizani.

Chaka chino muziyang'ananso chikasucho kuti chikuyambira pati, chifukwa sichimodzi. Chikayambira masamba akale apansi, kuchokera kumsonga kutsata mtsempha wapakati, ndi kusowa kwa nayitrojeni, yureya watha kapena wakokoloka. Chikakhala pa masamba atsopano apamwamba onse otumbuluka, kawirikawiri ndi kusowa kwa salufa. Mukaona mizere yoyera m'mbali mwa mtsempha pa masamba aang'ono chimanga chili chofupika, ndi kusowa kwa zinki. N'chifukwa chake NPK amene akugulitsidwa pano ndi 23:10:5+6S+1.0Zn, ali ndi potaziyamu ndi zinki zomwe munalibe mu 23:21:0+4S wakale uja. Muziwerenga pa thumba pogula.

Mbeya angakuthandizeni ndithu pamchengapo chifukwa amabweretsa feteleza pamodzi ndi zinthu zoola, sakokoloka msanga ngati feteleza yekha. Amasakaniza feteleza pang'ono, madeya, phulusa ndi ndowe zouma zopunthapuntha za mbuzi, nkhuku kapena nkhumba, kuwaza madzi kuti zingonyowa osati kuchita phala, kuika m'thumba lomwe mkati muli pulasitiki, kumanga kuti mpweya usalowe n'kusiya pamthunzi masiku 21. Miyeso anthu amasiyana, ambiri amaika makilogalamu 10 a feteleza pa thumba limodzi, alangizi akuonetsani. Kungoti musayembekezere kuti thumba la Mbeya lifanana mphamvu ndi thumba la feteleza weniweni, mulingo wothira pa phando uyenera kukulirako. Ndipo poti manyowa muli nawo ochepa musawamwaze munda wonse, sankhani kagawo kamodzi kumchengako, kumbani maenje muthire manyowa m'menemo n'kudzala momwemo, chaka chamawa muwonjezere kagawo kena. Ngati pali chulu chakale pafupi, dothi lake mukaliphwanya n'kusakaniza m'maenjemo limathandiza mchenga kugwira madzi.

aChisale_Thavite

Mwana wathu Tiya wafotokoza bwino. Ndingowonjezera za mizere kumtundako, ikhale yopingasa motsata akalozera, mizere yoyezedwa yotsogolera inzake, osati yolozetsa kumunsi, ndipo kumchenga kokhako muitseke pakatipakati kuti madzi a mvula azilowa pomwe agwera. Pamalire pomwe mchenga ukuthera dzalani mzere wa udzu wa vetiva, apo ayi mchenga uzitsika chaka chilichonse kukakwirira dothi lanu labwino la pakati lija. Vetiva mutapemphako kwa anzanu mvula ikayamba, kumugawa timagulu n'kudzala mothinana, amagwira msanga. Mabedi a mpunga yambani kukonza pano makande asananyowe kwambiri, ndipo mbewu ya mtedza mugule mwezi uno isanakwere mtengo.